Tolani Makombo: Ulaliki wa Lamlungu pa Yohane 6

A ku Manchester, a ku Leeds, a ku Sheffield, a ku Bradford, a ku Newcastle, ndi inu amene mwangoweruka kumene ku ntchito ya usiku, takulandirani nonse. Aleluya!

Titsegule Yohane mutu 6, ndime 12. Anthu zikwi zisanu adya, akhuta. Mwini chozizwitsa akulamula ophunzira ake kuti atole makombo, ndipo akudzaza mitanga 12. Taganizani: munthu wotha kuchulukitsa mkate nthawi ina iliyonse akukana kuti nyenyeswa zitayike. Kwa Mulungu, kuchuluka kwa zinthu si chilolezo chosakaza.

Lero ndikufuna tikambe za makombo amene sitiwaona. Ulaliki uno kuti ufike pa foni yanuyo, wadutsa m'nyumba zikuluzikulu zodzaza makompyuta, zoyaka usana ndi usiku, zofunanso magetsi ena oziziziritsa. Bungwe la International Energy Agency linati mu 2024 nyumba zoterezi zinadya pafupifupi 1.5 peresenti ya magetsi onse a dziko lapansi, ndipo njala yake ikukulirakulira.

Dera tikukhalali likudziwa bwino nkhaniyi. Mafakitale a Manchester anakula ndi malasha, ndipo mumzinda womwewo, mu 1948, ndi mmene inayamba kugwira ntchito kompyuta yoyamba yosunga pulogalamu m'kati mwake. Mgodi wozama womaliza wa malasha, Kellingley ku Yorkshire, unatsekedwa mu 2015. Pa 30 Sepitembala 2024 dziko lino linazimitsa malo ake omaliza opangira magetsi ndi malasha. Ku Hull akupanga mapiko a makina opukusa magetsi ndi mphepo. Tithokoze Mulungu. Komabe mphepo ikaleka, gasi ndi amene amayatsidwa, ndipo mayiko ambiri kumene amapangira mafoni athu akuwotchabe malasha.

Nanga utsi umenewo umathera kuti? Umatenthetsa dziko, nyanja n'kumafunda, anamondwe n'kumabwera ndi mvula yoopsa. Kumbukirani Januwale 2022, namondwe Ana atagumula damu la Kapichira, kwathu kukhala mumdima miyezi yambirimbiri. Kumbukirani Marichi 2023, Freddy, matope akutsika m'phiri la Soche kukwirira nyumba ku Chilobwe. Ena mwa inu munalira maliro pa foni yomweyo. Amene amakolola mkuntho ndi agogo athu oti sanayatsepo kompyuta.

Tsono titole bwanji makombo?

Choyamba, foni ndi kompyuta yanu. Gawo lalikulu la mpweya woipa wa foni limatuluka poipanga, isanafike n'komwe m'manja mwanu. Kampani ikakuimbirani kuti kontirakiti yatha, tengani yatsopano, muyambe mwafunsa: yakaleyi yalakwanji? Batire amasintha, galasi amakonza. Ikakhala yabwinobwino, itumikirebe, kapena ipite kwa mwana wa sukulu kumudzi. Yakufa tisamatumize kwathu kukasanduka zinyalala. Makhonsolo kuno ali ndi malo olandirira zotere.

Chachiwiri, inu amayi, ngati mukumvera ulalikiwu mukuphika nsima, vidiyo ya chiyani? Mvetserani mawu okha. Chikhulupiriro chimadza ndi kumva. Amen! Ndipo abambo, vidiyo imodzimodzi tisamaiponye m'magulu asanu a WhatsApp.

Chachitatu, achinyamata osamalira tsamba la mpingo: chepetsani kukula kwa zithunzi, chotsani mavidiyo oyamba kusewera okha, ikani ulaliki wa mawu okha pambali pa wa vidiyo, ndipo funsani kampani yotisungira tsambali kuti magetsi ake amachokera kuti. Tsamba lopepuka limatseguka ngakhale kwa m'bale wa ku Nsanje amene bandulo yake ndi ya tsiku limodzi.

Wina anena kuti, abusa, zimenezi n'zazing'ono. Zoona, ndege imodzi yopita ku Lilongwe iposa zonsezi kutalitali. Koma pang'onopang'ono ndi mtolo, ndipo pa Genesis 2 ndime 15 Mulungu anapatsa munthu munda kuti aulime ndi kuusunga. Wokhulupirika pa nyenyeswa adzakhulupirika pa mtanga.

Tiyeni tipemphere. Atate, tiphunzitseni kukhuta, tiphunzitseni kusunga, ndipo kumbukirani abale athu okhala m'mphepete mwa Shire nyengo ya mvula ikamayandikira. M'dzina la Yesu, Amen.