Ukwati Ukatha, Fizi ya Mwana Alipira Ndani?

Nthaŵi imene maina a ophunzira osankhidwa kupita ku yunivesite amalengezedwa, m'makomo ambiri mumamveka nthungululu. Koma alipo makomo ena amene uthenga wokomawo umafika bambo atasamuka kale, kapena mayi atabwerera kwao. M'makomo otere mwana amayamba wakondwa, kenaka nkukhala chete, pakuti sadziŵa khomo limene akagogode kupempha fizi.

Malamulo a dziko la Malaŵi sanasiye nkhaniyi poyera. Gawo 23 la Malamulo Aakulu likunena kuti mwana aliyense ayenera kulandira chisamaliro chokwanira kuchokera kwa makolo ake, kaya makolowo ali pabanja, sanakwatirane, kapena ukwati wao unatha. M'chaka cha 2017 Nyumba ya Malamulo inakhazikitsa kuti mwana ndi munthu yense wosakwana zaka 18. Apa tsono mpamene pagona vuto, chifukwa ophunzira ambiri amaloŵa ku Chancellor, ku Bunda kapena ku Mzuzu atapitirira kale msinkhuwo. Bambo wina amati, "Wakula uyu, adzionere yekha," chonsecho mwanayo alibe munda, alibe ntchito, ali ndi mabuku okha.

Nchifukwa chake nkhani ya fizi iyenera kukambidwa tsiku lomwelo limene ukwati ukutha. Ankhoswe akakhala pansi, kaŵirikaŵiri amataya dzuŵa lonse pogaŵa mbale, njinga ndi malata, koma za sukulu ya ana amangoti zidzaoneka. Kumadera a chikamwini bambo amachoka poganiza kuti mwini mbumba asenza zonse, pamene malumewo ali ndi ana aoao ofuna fizi. Kumadera a malowolo mayi amachoka poganiza kuti ana ndi a kuchimuna. Mwa njira ziŵiri zonsezi wogwa pakati ndi mwana. Nkwanzeru kuti ankhoswe, kapena bwalo la milandu ngati nkhani yafika kumeneko, alembe momveka amene adzalipire fizi, amene adzapereke ndalama ya chakudya ndi malo ogona, ndiponso mwezi wopereka. Mawu a pakamwa amauluka mkwiyo ukabwera, koma pepala limakhala.

Pamene makolo onse aŵiri alepheradi, ilipo njira ina. M'chaka cha 2015 Boma linakhazikitsa bungwe la Higher Education Students' Loans and Grants Board, limene limabwereketsa ndalama kwa ophunzira osoŵa a m'mayunivesite ovomerezeka, a Boma ndi ena omwe. Bungweli limayang'ana umphaŵi wa wopempha, motero mwana wa m'banja losweka ayenera kufotokoza bwino za moyo wake. Alipo ophunzira amene amalemba kuti bambo ao ali pa ntchito yabwino, osanena kuti bambowo anachoka zaka zitatu zapitazo ndipo satumiza ngakhale tambala. Pa pepala mwana wotere amaoneka wopeza bwino, chonsecho akugonera mandasi aŵiri. Alembe amene akumlera lero, ndipo asunge kalata ya kubwalo kapena ya mfumu yochitira umboni kuti makolo ake analekana. Manyazi pa nkhani imeneyi atha kumtayitsa chaka chathunthu.

Komanso bodza lili ndi tsoka lake. Makolo onamizira kulekana pofuna ngongole amalanda malo a mwana wamasiye amene alibiretu pogwira. Ndiponso ndalamayi si mphatso ayi; wophunzira adzaibweza akamaliza maphunziro, kuti ena obwera m'mbuyo mwake athandizidwe. Kholo limene lili ndi chuma koma likukankhira mwana ku ngongole pofuna kukhaulitsa mnzake wakale, likusenzetsa mwanayo katundu wa mkangano umene iye sanauyambe.

Akuluakulu anati njovu zikamamenyana umavutika ndi udzu. Mwana asatumidwe kukalonjerera fizi kwa bambo monga wokhometsa msonkho, ndipo asamvetsedwe zonyoza za mayi ake asanalandire ndalama ya basi. Makolo angalekane nyumba, angalekane mudzi, koma pa tsiku lolandira digiri dzina loitanidwa lidzakhala la mwana wa onse aŵiri.