Kugulitsana magetsi pakati pa anansi: zomwe zinachitika ku Bangladesh

 Ndineneretu kuti ine sindine injiniya. Ndine mtolankhani, sukulu ya ukachenjede ndinaisiyira panjira, choncho za mawaya ndiwasiyira eni ake. Ine ndikamba za ndalama.

Nkhani yanga ikuchokera ku Bangladesh. Kuyambira chaka cha 2003, bungwe la boma la IDCOL linathandiza mabanja akumudzi kugula sola pangongole, mpaka nyumba zoposa 4 miliyoni zinakhala ndi kapanelo padenga ndi batire m'nyumba. Ntchito yotamandika ndithu. Koma inali ndi kachilema kake. Dzuwa likafika paliwombo batire limakhala litadzadza, ndipo magetsi onse opangidwa kuyambira pamenepo amangopita pachabe. Tsono taganizani: bambo akubweza ngongole mwezi ndi mwezi pa magetsi omwe ena akutayika, pomwe mnansi wake, amene sanakwanitse kugula sola, akutaya ndalama pa palafini wa koloboyi. Nyumba ziwirizo zayandikana moti akhoza kupatsana moto.

Kampani ya SOLshare, yomwe mmodzi mwa oiyambitsa ndi Sebastian Groh wa ku Germany, inaona mpata pamenepa. M'chaka cha 2015, m'boma la Shariatpur, inalumikiza nyumba ndi timawaya n'kuika m'nyumba iliyonse kabokosi kotchedwa SOLbox. Kabokosika ndi mita, koma yowerenga mbali ziwiri: magetsi olowa ndi magetsi otuluka. Akamatuluka ndalama zako zikuchuluka, akamalowa zikuchepa, ndipo kulipirana kwake n'kwa pafoni. Wopanda sola amangogula kabokosi basi. Yemwe ali ndi kapanelo kakang'ono koma lero akufuna kuonera kanema safunikanso kugula batire lalikulu, amangopempha kwa anzake pa mtengo wake.

Ena mwa inu mukuti izi si zachilendo, pakuti mnyamata wotchajitsa mafoni pamsika paja akugulitsa magetsi kale. Zoona. Kusiyana kwake n'kwakuti pano palibe wonyamula batire pamutu, ndipo palibe kukangana, poti mita sikondera mlamu wa munthu.

Tsono mtengo amauika ndani? Apa ndi pomwe pagona nkhani, ndipo ndikutengerani kaye ku Ulaya, komwe nyumba za sola zili pa mawaya a kampani ya magetsi. Kumeneko kampani imakugulitsa magetsi modula, koma iwe ukaitumizira otsala ako imakugula motchipa. Tiyerekeze kuti imagulitsa yuniti pa 100 n'kumagula pa 40. Ine ndikagulitsa kwa mnansi wanga pa 70, ndapindula 30 ndipo iyenso wapulumutsa 30. Phindu lonse la malonda amenewa lili mu mpata umenewo. Mpatawo ukachepa, kapena mwini mawaya akati mundilipire kwambiri podutsitsa magetsi anu, malonda afa.

M'tauni ya Walenstadt ku Switzerland anayesa zimenezi m'chaka cha 2019 ndi nyumba 37, pa ntchito yotchedwa Quartierstrom. Wogulitsa ankalemba mtengo wotsikitsitsa umene angalole, wogula ankalemba wokwereratu umene angapereke, ndipo kompyuta inkawakumanitsa mphindi 15 zilizonse, ngati pa okushoni ya fodya. Chimene chinandisangalatsa ine n'chakuti kumeneko wogula naye anali ndi mawu pa mtengo. Komabe ndisakunamizeni, dzuwa likalowa aliyense amafuna kugula nthawi imodzi ndipo wogulitsa amasowa. Usiku mfumu ndi yemwe ali ndi batire lalikulu, ndipo batire lalikulu amagula ndi munthu wa ndalama kale. Amene akufuna kulumikiza nyumba motere ayambe wagwirizana za mtengo wa usiku asanakoke waya ndi umodzi womwe, apo ayi wosauka uja adzalipira koposa mmene ankalipirira palafini.

Tibwerere ku Bangladesh, chifukwa nkhani ija sinathere pokoma pokhapokha. Boma linafulumira kufikitsa mawaya ake m'midzi, ndipo mu Marichi 2022 linalengeza kuti magetsi afika m'dziko lonse. Munthu akalandira magetsi oyendetsa fani, firiji ndi chigayo pa mtengo wothandizidwa ndi boma, kabatire ka mnansi sakukafunanso. Msika wa sola za m'nyumba unagwa, ndipo SOLshare inatembenukira kwambiri ku mabatire a njinga zamagetsi za magudumu atatu zonyamula anthu, zomwe n'zochuluka zedi m'dzikolo. Inayesanso njira yoti midzi yolumikizana ija izigulitsa magetsi ake otsala ku mawaya a boma, m'malo mopikisana nawo.

A Wapampando, ndaona mwayang'ana wotchi kawiri. Ndilekere pomwepa, mafunso ndiyankha.