KUKONZANSO BUSA LA AKAVALO

Akavalo saculuka m'dziko la Zambia, cifukwa nchenche za tsetse ziwaletsa kukhala m'zigawo zambiri. Komabe alipo pa mafamu a ku Lusaka, ku Mazabuka ndi ku migodi, ndipo amuna ambiri adyetsa ana ao ndi nchito ya kuwasamala. Kavalo akaonda, woyamba kufunsidwa mlandu ndiye wosamalayo. Nthawi zambiri colakwa sicikhala m'khola ai, cikhala ku busa.

Kadyedwe ka kavalo kasiyana ndi ka ng'ombe. Ng'ombe ikulunga udzu ndi lilime, nisiya tsinde lalitali. Kavalo ali ndi mano akutsogolo kumwamba ndi kunsi komwe, ndipo ameta udzu kufikira pa dothi. Ndiponso asankha malo ena oikapo ndowe zace, ndipo pamenepo sadyapo. Motero zikapita zaka zowerengeka, busa ligawika pawiri: kwina kuli fumbi lokhalokha, kwina kuli udzu wautali wokhwima umene nyama iukana. Ziboda ziumbitsa nthaka, madzi a mvula alephera kulowa, ndipo zitsamba zacabe zilanda malo. M'ndowe zija muli mazira a njoka za m'mimba, zimene zibwereranso mwa kavalo pamene alikudya.

Nchito yokonza iyamba m'mwezi wa Okutobala, mvula isanagwe. Akavalo ayenera kucotsedwa, udzu wautali usengedwe, ndowe zioledwe, ndi maenje akwiriridwe kuti nyama isathyoke mwendo. Zomera zaululu zizulidwe ndi mizu yomwe, makamaka nsatsi, pakuti mbeu zace zipha kavalo msanga koposa ziweto zina. Nthaka ya ku migodi, kumene mvula ipitirira mamilimita 1,000 pa caka, ikhala yowawasa kawirikawiri. Cifukwa cace nkwabwino kuti alangizi a zaulimi ayese dothi ndi kunena muyeso wa laimu ndi feteleza. Pambuyo pace nthaka youma ija igaulidwe pamwamba ndi khasu kapena pulawo.

Tsono ifika nkhani yaikulu, ndiyo kusankha udzu. Si udzu uliwonse wonenepetsa ng'ombe umene uyenera kavalo. Kikuyu, setaria ndi buffel ali ndi mcere wina umene uletsa thupi la kavalo kulandira cakudya ca mafupa. Kavalo wodya udzu wotere wokhawokha kwa miyezi yambiri ayamba kutsimphina, mafupa ace afewa, ndi nkhope yace itupa. Udzu wa Rhodes ulibe coopsa cimeneci, ndipo mtundu wace wina, dzina lace Katambora, unacokera m'mbali mwa mtsinje wa Zambezi. Kapinga nayenso ngwabwino pa zipata ndi pomwera madzi, cifukwa apirira kupondedwa. Iye abzalidwa ndi mphukira zace zoyanga.

Mbeu za Rhodes nzazing'ono ndi zopepuka ngati mankhusu. Wofesa azisanganize ndi mcenga kuti zimwazike mofanana, ndipo makilogalamu 3 kufikira 5 a mbeu zabwino akwanira hekitala imodzi. Nthawi yace ndi Disembala, mvula itakhazikika. Pano ambiri alakwa: akwirira mbeu monga acita ndi cimanga, ndipo sizimera. Mbeu izi zisapitirire sentimita imodzi m'dothi. Kukokapo nthambi ya mtengo, ndi kukunkhunizapo mgolo wodzala madzi kuti dothi ligwirane ndi mbeu, nkokwanira.

Cotsala ndico kudikira, ndipo akulu anati kuona maso a nkhono nkudekha. Udzu watsopano ukabiriwira, mwini famu afulumira kufuna kutsegula cipata. Wosamala wanzeru ayamba wakoka udzuwo ndi dzanja. Ukazuka ndi mizu, mano a kavalo adzauzulanso cimodzimodzi, ndipo ndalama za mbeu zidzapita pacabe. Nkwabwino koposa kuuleka kufikira utabala mbeu zace ndi kuzigwetsa.

Busa lokonzedwa lisungika ndi malamulo owerengeka. Ligawidwe m'mipanda 3 kapena 4, kuti pamene akavalo alikudya m'umodzi, inayo ipumule. Alowe udzu utafika masentimita 20, naturuke usanatsike pansi pa masentimita 8. Ndowe zioledwe kawiri pa mlungu. Ng'ombe zikatsata pambuyo pa akavalo zidya udzu wokanidwa uja, ndipo njoka zambiri za kavalo sizikhala ndi moyo m'mimba mwa ng'ombe.

Wa pa mgodi amene alingalira za kubwerera kumudzi ndi kukaweta abulu asunge mau awa, pakuti bulu adya monga kavalo, ndipo busa lace litha ndi kukonzeka m'njira yomweyi.