KUONETSA NCHITO YA MAKOLO POPANDA KUIKA MOYO PA NGOZI

Nkhani ya madzulo ano ikhudza mwambo wina wa ku Britain umene amuna a m'migodi adzaumvetsa msanga. Kumeneko kuli nyumba zosungiramo zakale zimene sizikhutira ndi kuika zinthu m'makabati agalasi. Zimalemba anthu nchito yobvala zobvala za makolo ndi kucita monga makolowo anali kucitira, kuti mlendo aone ndi maso ace moyo umene unapita. Pa nchito yotere pali malamulo awiri amene nthawi zina amalimbana. Loyamba liti: coonetsedwa cikhale coona. Laciwiri liti: munthu asapweteke.

Ku Beamish, m'cigawo ca Durham kumpoto kwa England, kuli malo otere amene anayambidwa ndi Bambo Frank Atkinson. Anamangako mudzi wa anthu okumba malasha a pansi monga unaliri kuciyambi kwa zaka za m'ma 1900, wokhala ndi nyumba za anchito, sukulu ndi chalichi. Anchito a pamenepo amabvala malaya ndi zipewa za nthawi imeneyo, naphika pa moto wa malasha. Kubvala kokha sikukwanira, pakuti alendo amafunsa mafunso, ndipo woyankha ayenera kudziwa bwino mbiri ya cimene ali kuonetsa. Akanama, kapena akakometsa moyo umene unali wowawa, ana a sukulu adzapita kwao ndi bodza.

Koma coona ceniceni ca migodi yakale cinali imfa. Kale anthu anali kulowa pansi ndi makandulo, ndipo mpweya woyaka umene umaturuka m'malasha ukakomana ndi lawi, mgodi unali kuphulika. Mu 1812 anthu 92 anafa motero ku Felling. Mu 1815 Sir Humphry Davy anapanga nyali yochingidwa ndi waya wolukana ngati sefa, woletsa lawi kuyatsa mpweya wa kunja. Mu 1862 ku Hartley citsulo cacikuru ca injini yopopa madzi cinathyoka, nicigwera m'dzenje limodzi lokha limene mgodiwo unali nalo, ndipo anthu 204 anafa posowa poturukira. Pa cifukwa ca tsoka limeneli boma linalamula kuti mgodi uli wonse wa malasha ukhale ndi njira ziwiri zoturukira. Cotero woonetsa zakale sangatengere makolo pa zonse. Ku Beamish alendo amalowa mu mgodi weniweni umene unatsegulidwa mu 1855, nayenda cowerama monga anali kuyendera eni ace, koma pamutu amabvala cisoti colimba cimene anthu a 1855 sanacidziwe.

Citsanzo coposa cili ku Big Pit, m'tauni ya Blaenavon ku Wales. Mgodi umenewu unaleka kuturutsa malasha mu 1980, nutsegulidwa kwa alendo mu 1983. Alendo amatsika m'cikepe mamita 90, ndipo ambiri a owatsogolera akhala amuna amene anagwirapo nchito pansi. Ngakhale malasha sakumbidwanso, malamulo a migodi akali kugwira nchito pamalopo. Munthu ali yense amapatsidwa cisoti, nyali ya pamphumi, ndi lamba wokhala ndi cipangizo copumira pa nthawi ya utsi. Asanalowe m'cikepe amasiya pamwamba fodya, macesi, foni, ndi wochi ya batire, pakuti kamoto kakang'ono kangathe kuyatsa mpweya. Palibe amene amakhululukidwa, angakhale mlendo wolemekezeka. Anthu a ku Wales sanaiwale Senghenydd, kumene amuna ndi anyamata 439 anafa mu 1913.

Nanga zowawa zakale zimaonetsedwa bwanji popanda kubwezanso ngozi yace? Lisanaikidwe lamulo la 1842, loletsa akazi onse ndi anyamata osafika zaka 10 kugwira nchito pansi, ana ang'ono anali kukhala okha mumdima tsiku lonse, kutsegula ndi kutseka zitseko zoongolera mpweya. Lero palibe amene angaike mwana pa citseko cotere kuti alendo amuone. M'malo mwace, wotsogolera amaimitsa gulu, nauza onse kuti azime nyali zao. Kwa kamphindi munthu saona ngakhale dzanja lace. Nyali zikayakanso, mlendo amakhala atamva m'thupi mwace cimene mwana uja anali kupirira, koma amaturuka wamoyo. Amaonanso makola a pansi m'mene munali kukhala akavalo okoka ngolo za malasha.

Apa pali nzeru yoyenera kuisunga. Cinthu cakale cimene sicipweteka cionetsedwe monga cinaliri, osacikometsa. Cinthu cimene cinali kupha cifotokozedwe ndi pakamwa, koma cisacitidwenso. Ndipo pamene cipangizo catsopano calowetsedwa cifukwa ca citetezo, mlendo auzidwe poyera kuti makolo analibe cimeneci, kuti adziwe kukula kwa ngozi imene iwo anali kukomana nayo.

Amuna a ku Nkana, Nchanga ndi Mufulira, kumene anthu 89 anafa pansi mu 1970, adziwa kuti malamulo ambiri a mu mgodi analembedwa maliro atacitika. Tsiku limene zidzukulu zao zidzafuna kuona m'mene mkuwa unali kukumbidwira, zidzafunika zinthu ziwiri: akuluakulu okumbuka zoona, ndi malamulo obwezera mlendo ali yense pamwamba ali bwino. Okhala ndi nyali zakale, zisoti, ndi zithunzi za m'komboni angacite bwino kuzisunga.