Nyumba ya Chikole Ngongole Ikavuta Kubweza



Mabanja ena amatenga ngongole ku banki poika nyumba yawo ngati chikole. Bizinesi ikagwa kapena ntchito ikatha, mantha amakhala akuti a banki afika m'mawa uliwonse n'kudzatseka chitseko. Lamulo silitero. Pa malo olembetsedwa m'kaundula wa boma, lamulo la Registered Land Act linayala ndondomeko yoti banki itsate.

Choyamba, wobwereka akatha mwezi wathunthu osalipira, banki ili ndi ufulu womulembera kalata yomuchenjeza kuti alipire zomwe watsalira. Kuchokera tsiku limene kalatayo yamufika, lamulo limamupatsa miyezi itatu. Miyeziyi ikatha asanalipire, m'pamene banki ingathe kugulitsa nyumbayo, kapena kusankha munthu wotolera lendi ngati muli alendi.

Chachiwiri, pogulitsa, banki iyenera kuchita mwachilungamo ndi kuganiziranso mwini nyumba, osati kuitaya pamtengo wolira. Kawirikawiri malondawo amalengezedwa m'nyuzipepala n'kuchitika pa okushoni. Pa ndalama zopezekazo amayamba achotsa misonkho ya malowo, zolipira pa malondawo ndi ngongole pamodzi ndi chiwongoladzanja chake. Zotsala ndi za mwini nyumba. Koma zikaperewera, ngongole yotsalayo imamutsatirabe.

Choncho miyezi itatu ija ndiyo nthawi yopulumutsira nyumba. Wobwereka apite yekha ku banki, apemphe chikalata chosonyeza ndalama zonse zomwe wabweza ndi zotsala, ndipo akambirane zotalikitsa nthawi yobwezera. Chilichonse chimene agwirizana chilembedwe. Ena amapempha chilolezo chopeza okha wogula kuti nyumba ipite pamtengo wabwino. Amene akuona kuti ndondomeko yaphwanyidwa akhoza kupempha chiletso ku khoti malonda asanachitike, ndipo wosowa ndalama za loya akafunse thandizo ku Legal Aid Bureau.

Chimene chimapweteka ambiri ndi kubisa kalata pansi pa mphasa, mkazi kapena mwamuna osadziwa, mpaka banja lonse n'kudzamva kwa anansi kuti nyumba ili m'nyuzipepala. Akuluakulu anati mbewa ya manyazi inafera kuuna. Kalata ya banki ikafika, banja liiwerenge pamodzi tsiku lomwelo, lilembe tsikulo, n'kuyamba kuwerengetsa miyezi.