Thirakitala ya Gulu Imafuna Woiyang'anira: Mawu a Mlendo Wolemekezeka ku Vubwi



Boma la Vubwi ndi lamsinkhu wochepa, pakuti linapatulidwa ku Chadiza mu 2012. Kuyambira mu 2022, pamene ndalama za chitukuko cha m'madera (CDF) zinakwera kuchoka pa K1.6 miliyoni kufika pa K25.7 miliyoni pa dera la phungu aliyense, makina amene mlimi ankangowaonera patali ayamba kufika pakhomo. Koma woyenda m'midzi ya kuno, ku Katete kapena ku Sinda, salephera kuona thirakitala itakhazikidwa pa njerwa, matayala ataphwa, udzu utamera pansi pake. Zambiri mwa izo sizinafe ndi ukalamba.

Choyamba kuzidwalitsa ndi fumbi la mu Okutobala. Injini ya dizilo imapuma mpweya wambiri, ndipo sefa ya mpweya ikatsekeka, thirakitala imafuka utsi wakuda n'kumalephera kukoka ngakhale pa dothi lofewa. Dalaivala wosamala amaitulutsa sefayo madzulo, n'kuigogoda pang'onopang'ono fumbi ligwe. Ya pepala saichapa ndi madzi. Ikang'ambika amagula ina, chifukwa mchenga ukalowa umapala injini mkati.

Nanga dizilo wa m'zigubu, amene wafala m'madera a kumalire ngati kuno? Nthawi zambiri amabwera ndi madzi ndi zinyalala. Pansi pa sefa ya mafuta pamakhala kabotolo koonekera mkati. Madzi amadikha pansi pake, ndipo kumasula kakapusi m'mawa uliwonse kumawataya asanafike ku pampu ya mafuta, imene kuikonza kumadya ndalama zambiri. Thanki ikauma kotheratu, mpweya umalowa m'mapaipi. Injini imazungulira koma osalira, ndipo apa ndi pamene anyamata amapha batire pokakamiza kiyi. Chofunika n'kumasula sikulu yotulutsira mpweya, kupopa ndi kapampu ka pamanja mpaka thovu litatha, kenako n'kumanganso.

Nthawi yopuntha soya ndi chimanga, mankhusu amamata pa ladiyeta. Singano ya kutentha ikafika pofiira, dalaivala aime, ndipo asatsekule chivindikiro cha ladiyeta injini isanazizire, angapse kumaso.

Oilo sayendera mwezi kapena maso a munthu, amayendera maola. Opanga ambiri amati asinthidwe koyamba pa maola 50, kenako pa maola 250 alionse, ndipo buku la thirakitala iliyonse limanena zake. Girisi wa m'molumikizira ndiye wotchipa koposa zonse, komabe ndiye amaiwalika msanga.

Zonsezi dalaivala angathe kuziphunzira sabata imodzi. Chovuta chili ku komiti ya gulu. Thirakitala imene lero ayendetsa mwana wa wapampando, mawa mlamu wa msungichuma, ikawonongeka aliyense amaloza mnzake. Ndalama zolimitsa minda zikagawidwa zonse tsiku lomwelo, lamba akaduka mu Novembala gulu limayamba kusonkherana mvula ikugwa, lamba wina akudikiridwa kuchokera ku Chipata kapena ku Lusaka. Anthu a kuno sanaiwale chilala cha 2024, chimene Pulezidenti Hakainde Hichilema anachilengeza kuti ndi tsoka la dziko pa 29 Febuluwale. Phunziro lake ndi lakuti munda wong'ambidwa ndi ripa mvula isanagwe umamwa madzi m'mizere ndipo umadzalidwa ndi mvula yoyamba. Thirakitala yodwala imalanda mlimi masiku amenewo. N'chifukwa chake sevisi yaikulu ichitike anthu akangobwera ku mwambo wa Kulamba ku Mkaika, kumapeto kwa Ogasiti.

Pempho kwa a komiti ndi ili: asanabalalike lero asankhe dalaivala mmodzi ndi wosunga buku mmodzi, agwirizane gawo la ndalama za hekitala iliyonse lopita ku thumba la sevisi, ndipo alembe m'bukumo maola amene mita ikuonetsa panopa.