MFUTI YA CIFEFE IYENERANE NDI MWINI WACE

Awa ndi mau amene mlangizi wa zaulimi analankhula kwa alimi osonkhana pa Msika wa Lundazi, pa nyengo imene cimanga cayamba kukhwima ndipo anthu agona m'zirindo.

Mlimi ali yense adziwa kuti khasu la munthu wamtali silimuyenera munthu wamfupi. Mpini ukatalika, msana upweteka ndipo mzere ukhota. Mfuti ya cifefe iri cimodzimodzi. Zifefe zambiri za m'midzi muno zinasemedwa kutsidya la nyanja, poyesa thupi la mwamuna wamkulu msinkhu. Koma ena amene azigwira lero ndi mai wamasiye amene walembetsa mfuti ya malemu m'dzina lace, nkhalamba imene thupi layamba kutha, kapena mwamuna wamfupi cibadwire. Anthu otere mfuti iwamenya phewa ndi tsaya. Munthu akamenyedwa kawiri katatu ayamba kuiopa. Atsinzina, nagwedeza mpope asanakhethemule. Pamenepo katiriji wapita cabe, anyani abwerera m'cimanga, ndipo nguluwe yolasidwa pang'ono isanduka coopsya kwa ana opita kudambo.

CIMENE CIKANKHA MFUTI

Wonga ukapsya ukankhira macaka kutsogolo, ndipo ndi mphamvu yomweyo ukankhira mfuti kumbuyo. Lamulo limeneli analilemba Isaac Newton m'caka ca 1687, ndipo palibe mmisiri amene angalicotse. Zimene munthu angathe kusintha ndi zitatu: kulemera kwa macaka, kulemera kwa mfuti, ndi umo mtengo wace ukhalira pa thupi.

W. W. Greener, wosula mfuti wa ku Birmingham, amene dzina lace lioneka pa zifefe zambiri zakale, anaphunzitsa kuti mfuti ilemere ka 96 kulemera kwa macaka ace. Motero katiriji wa magalamu 28 afuna mfuti ya makilogalamu 2.7, ndipo wa magalamu 36 afuna ya makilogalamu atatu ndi theka. Cifefe ca mpope umodzi kawiri kawiri sicifika pa muyeso waciwiriwu, ndico cifukwa cace cikankha koposa ca mipope iwiri.

Tsono mankhwala oyamba ali pa bokosi la makatiriji. Munthu wocepa thupi asankhe a magalamu 24 kapena 28, naleke olemerawo. Koma adziwe kuti kulemera kwa katiriji ndi kukula kwa macaka ndi zinthu ziwiri. Nguluwe ifuna macaka akuru akuru, monga a SSG, ndipo iomberedwe pafupi; macaka a mbalame angoilasa.

Ena aganiza kuti mfuti ya nambala 20 ndiyo ya anthu ocepa, popeza mpope wace uli waung'ono kuposa wa nambala 12. Zoona yopepuka kunyamula, koma kupepukako kuicititsa kukankha kolimba ngati katiriji ali wolemera. Ndipo nyumba imene iri ndi mfuti zonse ziwiri isasanganize makatiriji. Wa nambala 20 akalowa m'mfuti ya 12 atsetserekera m'kati nakakamira. Wina akaikidwa pambuyo pace, mpope uphulika m'manja. Utali wa katiriji nawo uyang'anidwe. Pa mpope pamalembedwa 65, 70 kapena 76, ndiwo mamilimita, ndipo katiriji wotalika kuposa pamenepo asalowemo, ngakhale mfuti itatseka bwino.

KUYESA MTENGO WA MFUTI

Kucokera pa cokhethemulira kufika ku thako la mfuti, zifefe zambiri ziri ndi masentimita ngati 36. Munthu wamfupi kawiri kawiri afuna pakati pa 32 ndi 34. Kayesedwe kace ndi kotere. Mwini ayambe watsegula mfuti naona ndi maso ace kuti mulibe kanthu. Abvale jekete limene abvala usiku kucirindo, pakuti nsaru nayo iwonjezera utali. Atsinzine, nakweze mfuti pa phewa monga ngati afuna kuombera, mnzace ataima pambali, osati kutsogolo. Pakati pa mphuno ndi cala cacikuru ca dzanja logwira mtengo payenera kulowa zala ziwiri. Mpata ukaposa pamenepo, mtengo watalika: thako lidzakola m'khwapa, kapena lidzatsetserekera pa mkono, pamene palibe nyama yokwanira kulandira nkhonya. Cala cikakhudza mphuno, mtengo wafupika, ndipo mphunoyo idzakha mwazi.

Mtengo wotalika uperekedwe kwa mmisiri wa matabwa wodziwa nchito. Iye adule pang'ono pang'ono, theka la sentimita nthawi imodzi, natsate kupendekeka kwa thako lakale, mwini akuyesa pa kudula kuli konse. Thabwa lodulidwa siliphukanso. Ku mapeto aikeko mphira wofewa wa masentimita awiri, atacotseratu muyeso womwewo pa thabwa. Mphira wa tayala ndi wouma, suthandiza kweni kweni. Wogula kwa ogulitsa mfuti ndiwo wabwino, ndipo ukasowa, wa patapata wocindikala uposa thabwa lokha. Nsonga ya pansi ya thako aikhuze ikhale yobulungira, pakuti ndiyo ibaya cifuwa, makamaka ca amai.

Munthu wa nkhope yaing'ono akagoneka tsaya pa mtengo, diso lace limira kuseri kwa citsulo. Tsono adzutsa mutu kuti aone, ndipo mtengo umuomba mbama. Pamenepo amange cikopa kapena mphira pamwamba pa mtengo, kufikira diso liyang'ana molunjika pamwamba pa mpope, tsaya liri cigonere.

Mtengo ukadulidwa, mfuti ipepuka kumbuyo nilemera kutsogolo. Mmisiri angathe kuika mtobvu wokulunga m'nsaru m'bowo la m'kati mwa thako, wothina bwino kuti usagwedere. Mtobvuwo ubwezera kulemera, nucepetsanso kukankha. Koma mpope usadulidwe ai. Mfuti yodula mpope ipepuka, ikankha koposa, ilira kogonthetsa, ndipo macaka ace amwazika msanga.

KAIMIDWE KA WOOMBERA

Wogwira kumanja aike phazi lamanzere patsogolo, naweramire kutsogolo pang'ono monga munthu wokankha ngolo. Thako likhale m'kadzenje ka pakati pa cifuwa ndi mutu wa phewa, lokanikizidwa kolimba. Mpata ukatsala pamenepo, mfuti iyamba yathamanga nifika ngati nkhonya. Popanda mpata ingokankha thupi lonse pamodzi. Munthu wocepa mphamvu akonda kupendekera cagada kuti anyamule mpope, ndipo otere ndiwo agwa. Azolowere kukweza mfuti yopanda katiriji kangapo tsiku liri lonse, kufikira manja alimba. Atsekenso m'makutu poyesera, pakuti mantha ena abwera ndi phokoso, ndipo makutu akaonongeka sacira.

ZA LAMULO

Lamulo la mfuti la Zambia, Firearms Act, Caputala 110, silimlola munthu kusunga cifefe popanda laisensi. Mfuti ya malemu siikhala ya wolowa nyumba kufikira atapita kupolisi nailembetsa. Wofuna kusintha kanthu pa mfuti ayambe wafunsa komweko. Mau onsewa anena za akulu ocepa thupi. Ana asapatsidwe mfuti.

Nyama za kuthengo zisungidwa ndi lamulo la caka ca 2015, Zambia Wildlife Act, ndipo wopha nyama pocinjiriza munda wace akanene msanga kwa a Department of National Parks and Wildlife. M'caka ca 2022 njobvu 263 zinasamutsidwa ku Liwonde kupita ku nkhalango ya Kasungu, imene icita malire ndi Zambia, ndipo minda ina ya mbali yino yakhala ikuonongeka nazo. Cifefe sicipha njobvu, cingoikwiyitsa, ndipo wobvulala adzakhala munthu wina wosadziwa kanthu. Njobvu zikalowa m'munda, mfuti ikhale m'nyumba, ndipo mthenga athamangire kwa anyakwawa ndi kwa oyang'anira nyama.

Amene mfuti imsiyira cipsyera pa phewa asadikire kufikira anyani atatha munda. Ayese mtengo wace sabata yomwe ino, nawerenge zolembedwa pa bokosi asanagule makatiriji ena.